Tsiku limene loboti yanga inadya manambala a fetereza

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi a Banda, mphunzitsi wa zaulimi wopuma ntchito amene tinkapemphera naye ku Santhe. Atamva kuti ndaphunzira za makompyuta, ananditengera ku bungwe lina la alimi pa boma la Kasungu. Kumeneko ankalemba malangizo a fodya ndi chimanga pa wiki, masamba a pa intaneti amene alangizi ankawerenga pa foni.

Vuto linali pa maulalo, mawu aja ukawadina amakufikitsa pa mutu wina m'kati mwa tsamba. Kompyuta inkabisa zilembo zina, moti "Kuŵaza mankhwala" kunkaoneka ngati "Ku.C5.B5aza mankhwala". Maso a a Banda anali atayamba kuchita khungu, ndipo zimenezi zinkawasautsa kwambiri.

"Mwanangu, ndichotsere zinyalalazi," anatero. "Koma uyambe wayesa pa masamba khumi."

Ndinalemba loboti, kapulogalamu koyenda kokha m'masamba onse. Ikapeza kadontho kotsatana ndi zilembo kapena manambala awiri a kabisidwe kaja, inkabwezeretsa chilembo chenicheni. Ndinayesa pa masamba awiri okha, zinayenda. Akuluakulu a bungwe ankabwera mawa lake, ndipo ndinkafunitsitsa kuti andiyamikire. Ndinaimasula pa masamba onse.

M'mawa mwake mkulu wa bungwe anatsegula tsamba la chimanga tonse tikuona. Pamene panali "Fetereza wa 23.21.0" panalembedwa "Fetereza wa 23!.0". "Munda wa maekala 0.25" unasanduka "maekala 0%". Loboti ija inkayesa manambalawo ndi zilembo zobisidwa. Ukadina, ulalo sunkafikanso pa mutu wake. Mvula inali itayamba, ndipo alangizi a ku Chamama anali akuimba kale foni, alimi ali pomwepo kudikira milingo ya fetereza.

"Wachita izi ndani?" anafunsa mkulu uja.

A Banda anaimirira pang'onopang'ono, atagwira tebulo.

"Ndine, bwana. Sindinaonetsetse."

Ine ndinawalekerera asenze mlandu wanga. Ndinatha masiku atatu ndikubweza zimene loboti inawononga, tsamba ndi tsamba. Mwezi usanathe mkulu uja anauza a Banda kuti maso awo sakuyeneranso ntchito imeneyi. Ine anandisiya pa ntchito.

Ndinawanyamulira katoni ya mabuku mpaka pa depoti. Njira yonse ndinkafuna kupepesa, koma sindinatero. Akukwera minibasi anangoti, "Mitu yatsalayo uzikonza mofatsa, wamva?" Anamwalira fodya asanapite ku okushoni. Kumaliro ndinakhala kumbuyo kwenikweni, kuopa kuyang'anizana ndi mayi a kunyumba kwawo.

Maloboti ndimalembabe. Koma yanga iliyonse, isanasinthe ulalo, imayamba yaona ngati mutuwo ulipodi pa tsambalo. Ndipo zinthu zikalakwika, wina akafunsa kuti wachita ndani, ndimayankha msanga, munthu wachifundo asanaimirire m'malo mwanga.