Kampango Kamene Ndinabisa mu Mthuthuthu wa Atate

Utsi wa mthuthuthu wa atate unali wabuluu, wonunkha oyilo wopserera, ndipo m'mawa wa nyengo yozizira sunkafulumira kuchoka pabwalo pathu ku Kanyama. Unkayenda chamunsimunsi, n'kulowa m'zovala za pachingwe, m'tsitsi, mpaka m'buledi womwera tiyi. Kusukulu anzanga ankati ndimanunkha galaja. Sizinkandipweteka kwenikweni, poti pa mzere wonse wa nyumba zathu, ife tokha ndiye tinali ndi chinthu choyendera injini.

Mthuthuthuwo unali wamkulu msinkhu kuposa amayi. Agogo aamuna, amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, ndiwo anausiyira atate. Unali wa injini zija zomwa petulo wosakaniza ndi oyilo, ndipo atate ankasakaniza okha m'chigubu, akuyeza oyilo ndi kachivundikiro ka botolo. Ntchito yawo inali yokonza makina osokera. M'mawa uliwonse ankamanga bokosi la zida kumbuyo n'kupita kwa matelala a ku Matero, ku George kapena ku Chawama. Koma kuti afike kulikonse, ankayamba adutsa msewu waukulu wopita ku Mumbwa, wa malole onyamula miyala aja osadziwa kuima.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lina mu Juni, ndikuweruka kusukulu, ndinapeza anthu ataunjikana pamphambano ya msewuwo. Ndinadzipanikiza pakati pa miyendo yawo monga achitira ana. Munthu anali gone pa tala atamufunditsa chitenje, njinga yake yamoto itapindika pansi pa lole. Chitenjecho chinali chachifupi, choncho mapazi anali panja. Nsapato imodzi inali itavuka, ndipo sokosi yake inali yabulauni, yofanana ndi zomwe atate ankavala. Sanali iwo, koma ndinathamanga mpaka kunyumba osaima.

Sindinauze aliyense. Atate akaliza injini m'mawa ndinkasiya tiyi, ndipo m'kalasi ndinkatchera khutu kumsewu m'malo momvera aphunzitsi. Amene anaona kuti sindili bwino anali amake Bupe, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, wogulitsa zitumbuwa ndi mbatata yokazinga. Iwo ankapemphera ku tchalitchi cha m'tenti, komwe mneneri ankagawa timipango toyera topemphereredwa. Nditawauza za sokosi ija, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kampango kamodzi, kali ndi mfundo pakona.

"Tenga aka, Tisa," anatero. "Ukafake pa njinga ya batate bako, ngozi izapita kutali. Koma osabauza, uziba mwamene balili."

Ndinkadziwadi mmene analili. Atate anali mkulu wa mpingo, ndipo timipango toteroto ankatitcha malonda. Akanakapeza pa chiwongolero, kakanapsa pa mbaula ine ndikuona. Choncho Loweruka masana, iwo atapita wapansi ku msonkhano wa akulu a mpingo, ndinagwada pambali pa mthuthuthu kufuna pobisa. Pansi pa mpando panali kabokosi kakuda kokhala ndi kakamwa kakang'ono koloza kumbuyo. Ndinapinda kampango n'kukakankhira mkati ndi pensulo mpaka kanasowa. Sindinkadziwa kuti kakamwa kameneko ndi pomwe injini imakokera mpweya.

Lolemba mthuthuthu unalira ndi kiki imodzi monga mwa masiku onse. Koma atate atangotuluka pachipata n'kuwonjezera moto, kulira kuja kunagwa. Unati bwoo, n'kufooka ngati wina waukoka kumbuyo, kenaka mwadzidzidzi n'kudumpha, atate n'kugwedezeka pampando. Madzulo anabwera nkhope ili gwa. Anauza amayi kuti ukamalira pang'onopang'ono uli bwino, ukaukakamiza mpaka kufika pamwamba ulinso bwino, koma pakati pamenepa ukufa. Ndipo pakati pamenepo, iwo anati, ndi pomwe munthu amadalira akaona mpata pakati pa malole awiri.

Ine mutu unagawikana pawiri. Mbali ina inkandiuza kuti imfa ikukoka mthuthuthu kumbuyo ndipo kampango kakulimbana nayo, ndiye ndikakachotsa ndiye kuti ndawapereka atate. Mbali ina inkadziwa kuwerenga masiku. Ndinabisa Loweruka, vuto linayamba Lolemba. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sapusa chomwecho, amangosowa wolimba mtima womufunsa. Kawiri konse ndinapita pa mthuthuthu ndi pensulo yanga, koma kampango kanali katalowa kutali, ndipo kunena zoona mtima unakhala pansi pang'ono poona kuti sikangatuluke.

Mwezi wonse wa Julaye pabwalo pathu panasanduka galaja yeniyeni. Mphepo inkaulutsa fumbi ndi mapepala a pulasitiki, milomo yathu inkang'ambika, ndipo atate ankaweruka msanga kuti agwire ntchito dzuwa lisanalowe. Anayamba ndi pulagi. Anaipeza yakuda ndi yonyowa, n'kuikwecha ndi waya, kenaka n'kugula ina. Patapita masiku awiri yatsopanoyo inadanso chimodzimodzi. Anamasula kabyuleta n'kuyala tizitsulo take pa thireyi ya alendo ya amayi, yamaluwa ija, ndipo amayi anangoti kukamwa yasa. Ankapemerera m'timabowo ndi pakamwa, milomo n'kumanyezimira petulo. Munali kasingano kokhala ndi timizere, komwe ankati ndi kamene kamalamulira petulo wa pakati paja. Anakakweza mzere umodzi, zinaipiraipira. Anakatsitsa, zinakhala ngati zasintha, mawa lake vuto n'kubwerera.

Kenaka mlandu unagwera ekizozi. Anaichotsa n'kuiika pa mbaula ya makala, ndipo utsi wake unathamangitsa nkhuku ndi ana omwe. Itazizira anaimenya ndi mtengo, n'kutuluka zinyenyeswa zakuda zodzaza chitini. Tonse tinati basi, matenda apezeka. Sanapezeke. Anadzudzula anyamata ogulitsa petulo wa m'zigubu kuti amathiramo parafini. Anachepetsa oyilo, n'kuopa kuti injini ipsa, n'kubwezeranso.

Tsiku limene anatsegula kabokosi kakuda kaja ndinali chiimire pakhomo, nditagwira mbale. Anatulutsa siponji yosefa fumbi, n'kuiyang'ana padzuwa, n'kuichapa ndi parafini. Dzanja lawo linadutsa pafupi kwambiri ndi pomwe panali kampango, kuseri kwa kakhoma ka pulasitiki. Anabwezera siponji n'kunena kuti kumbali ya mpweya kulibe mlandu, ndipo atate akagamula nkhani sankaibwereza.

Lachinayi lina kumapeto kwa mweziwo, dzuwa likupendeka, sindinamve kulira kwa injini. Ndinamva kukhwekhwereza kwa tcheni. Atate analowa pachipata akukankha mthuthuthu, thalauza itang'ambika pa bondo, magazi atauma mpaka m'sokosi. Bokosi la zida linali litaphwanyika mbali imodzi. Anati anaona mpata n'kulowa mumsewu, ndipo ali pakatikati mthuthuthu unafooka. Lole inali pomwepo. Anadziponya cha m'ngalande, ndipo tayala linadutsa pa bokosi.

Amayi analira akutsuka bala ndi madzi amchere. "Gulisani chabe ichi chinthu, atate ake Tisa. Chizakupayani."

"Nikagulisa, ku Matero nizayenda na chani? Mailo kukacha niyenda futi."

Ndinapita kuseri kwa chimbudzi n'kusanza. Ndinkaopa kuti mawa afa, ndipo ndinkaopa kuti ndine ndawapha. Komanso mawu ena ankandinong'oneza kuti pakanapanda kampango, tayala lija likanaponda iwo osati bokosi. Mawa lake anapitadi, akutsimphina, ndipo ine ndinakhala pa mwala wa pachipata tsiku lonse osapita kusukulu. Amayi anayesa malungo.

Amayi ndiwo anakaitana a Zulu, makaniko wokalamba wa pafupi ndi msika, atate asakudziwa. Atate sankafuna kuti munthu wina agwire mthuthuthu wa bambo awo, koma mlendo atafika kale pakhomo sakanamubweza. Linali Loweruka m'mawa, ndipo anthu oyandikana nafe anabwera kudzaonerera monga mwa chizolowezi cha m'komboni. A Zulu sanamasule zambiri. Anamvetsera kulira kwake ataweramitsa mutu, ananunkhiza pulagi, kenaka anachotsa paipi ya labala yochokera ku kabokosi kakuda kupita ku kabyuleta. Anakwera n'kutsika ndi kanjira kathu. Mthuthuthu unalira bwinobwino kuyambira pansi mpaka pamwamba, osatsamwa paliponse.

"Ba Banda, injini ili che bwino," anatero atabwerera. "Manje siipema. Pali chamene chivala mpepo, chaitsekera njira."

Anapinda waya ngati mbedza n'kuulowetsa m'kakamwa kaja. Anakoka pang'onopang'ono, ndipo kampango kanatuluka, kakuda bii ndi fumbi ndi oyilo, mfundo yake ili pomwepo. Anafotokoza kuti injini ikamalira pang'ono kansaluko kankangogona, koma ukawonjezera moto mpweya unkakakoka n'kutseka njira, mpaka kakapindikira pambali. Palibe amene ankamvetsera zimenezo. Maso onse anali pa mfundo.

Anthu anabwerera m'mbuyo. Mayi wina anati, "Ni vamankwala ivi. Pali wamene afuna kubapaya." Wina anayamba kufunsa kuti ndani anakangana ndi atate chaka chino, ndipo dzina la telala wina wa pamsika linatchulidwa. Amayi anali atamanga kale chitenje m'chiuno mwamphamvu. Ndinayang'ana amake Bupe. Anali kumbuyo kwa anthu, akuyang'ana zala za kumapazi kwawo, ndipo ndinadziwa kuti sanena kanthu.

"Ndine, batate." Mawu anatuluka aang'ono kwambiri moti ndinachita kubwereza. "Ndine ninafakamo. Nenze kuyopa kuti muzafa."

Ndinatseka maso kudikira mbama. Sinabwere. Atate anathokoza a Zulu, n'kuuza anthu mwaulemu kuti nkhani yatsala ndi ya m'nyumba. Onse atapita anakhala pa kampando kawo, bondo lovulala litawongoka, n'kundiitana. Sanafunse kuti kampango ndinakatenga kuti. Anafunsa kuti ndinaona chiyani. Ndinawauza za chitenje chachifupi ndi sokosi yabulauni, ndikulira mpaka mamina. Anali atagwira sipanala, ndipo anaiika pansi n'kuyang'ana kumbali. Ndinayesa ndi mkwiyo. Amene anandikoka khutu tsiku limenelo anali amayi, ndipo analikoka mokwanira anthu awiri.

Lolemba m'mawa, atavala kale chisoti, atate anandiitana pachipata. M'thumba la shati lawo munkaonekera kakona koyera. Anali atakachapa okha ndi sopo. Anagunda thumbalo ndi chala n'kunena kuti, "Apa sikavala mpepo. Yenda kusukulu." Analiza injini n'kupita, ndipo ndinamva kulira kwake kukukwera mosadukiza mpaka kumsewu waukulu.

Masiku amenewo ndinkakhulupirira kuti atate agonja, kuti aona okha mphamvu ya kampango. Ndinanyadira mobisa, ndipo ndinayambanso kumaliza tiyi wanga. Ndinakula ndisanazindikire kuti mpaka tsiku lomwalira, atakalamba pa bedi lawo, timipango timeneto ankatitchabe malonda. Amayi anandiuza pa maliro kuti akulu anzawo a mpingo anawaitanapo kuwafunsa za nsalu ya mneneri imene inkaoneka m'thumba lawo, ndipo iwo anangoyankha kuti ndi ya mwana wawo. Anayenda nako zaka ziwiri, kakona kali panja m'mawa uliwonse, kufikira pamene ndinasiya kuima pachipata.