Ndinalawira Msuweni Wanga

Amayi anga agulitsa mtedza m'mbali mwa msewu pa Phalula kuyambira ndili kumsana, ndipo pa nkhani ya kulawa ali ndi lamulo limodzi: umalawitsa munthu amene maso ake akuonetsa kuti agula. Woimika galimoto n'kutsika amamutapira okha asanapemphe. Woyenda pansi amene wangotambasula dzanja amamuyang'ana mpaka dzanjalo libwerere m'thumba. Choncho ndinakula ndikudziwa kuti akakulawitsa ndiye kuti chinthucho chatsala pang'ono kukhala chako. Nzeru imeneyi ndi imene inandipweteketsa.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4, ndikuthandiza amayi pamsewu podikira zotsatira, amalume anabwera kuchokera ku Joni. Ndi mlongo wawo wa amayi, bere limodzi, koma anakwatira kwa Mposa ku Machinga. Njira yawo imadutsa pakhomo pathu, ndiye anatsika kuti apume tsiku limodzi. Atadya, anapisa m'chikwama n'kutulutsa foni yatsopano, yaikulu ngati chikhatho cha munthu wolima, ikadali m'kabokosi kake.

"Iwe wa sukulu, zinthu izi mumazidziwa ndinu," anatero akundipatsa. "Akuti kuli magemu amene amayamba akulawitsa ulere asanakugulitse. Upite nayo ku Balaka akakuikire, ulawire onsewo. Pa Idi udzabwere nayo kwathu, udzandiuze yokoma, ndidzagula."

Anati ulawire. Ine ndinamva ulawe. Amayi anali pomwepo akusenda mtedza, anamva bwinobwino, koma sanakweze mutu.

Sindinadzifunse kuti foni yotere ikundipeza bwanji ine, amene ndinkayenda ndi kafoni ka mabatani komanga ndi mphira. Ndinati malume ndi mwini mbumba, ndipo mwana wa mlongo wake ndine, nthawi yanga yangokwana. Kunena zoona ndinali nditaidikira kwa zaka. Amalume ali ndi mwana wamkazi, msuweni wanga, amene tinabadwa dzinja limodzi. Nsapato za ku Joni zinkayamba zafika kwa iye, kwa ine zinkabwera zikamuthina. Choipa kwambiri n'chakuti ndi munthu wabwino. Akanakhala wonyada ndikanadana naye mtima uli m'malo, koma ankandipatsa nsapatozo atazichapa, akupepesa kuti zatha kuchidendene.

Ku Balaka, bambo wina wokonza mafoni pafupi ndi depoti anandiikira magemu asanu.

"Awa ndi a demo, achemwali," anandichenjeza. "Amakupatsani pang'ono, mukangomva kukoma amatseka. Musadzabwere kudzandikalipira kuti foni yafa."

Ndinamuuza kuti ntchito imeneyo ndimaidziwa kuposa iye, ndinabadwira momwemo.

Gemu ya mpira sindinachedwe nayo, osewera anga ankangothamangira kunja. Ya nkhondo inandipweteka mutu. Inalipo ina yondandalika zipatso, malalanje atatu akagundana n'kuphulika, yoyenera munthu amene akudikira dokotala pa benchi. Yachinayi ndaiiwala. Yachisanu inali ya thiraki.

Umakhala pa chiwongolero, katundu ali kumbuyo, n'kutuluka m'bwalo lalikulu chobwerera m'mbuyo. Ukapendeketsa foni thiraki imakhota. Umadutsa pa sikelo, n'kukwera chitunda chimene chimafuna giya yaing'ono, kenako n'kutsetsereka mpaka pa mlatho wautali. Kutsidya kwake kunkaoneka phiri, madenga a tauni ina, ndi msewu wokhotera kumanja kuseri kwa mitengo. Matayala akutsogolo akangoponda mlathowo, zonse zinkaima, pagalasi n'kubwera mawu achizungu akuti ngati ukufuna kupitirira, gula.

Munthu amene sanakhalepo m'mbali mwa msewu sangamvetse. Moyo wanga wonse mathiraki akhala akundithira fumbi, akupita kumene sindikudziwa. Madalaivala ankatsika, kugula mtedza, kundiitana kuti "mlamu" mwachipongwe, n'kukwera osacheukanso. Tsopano ndinali ndi yangayanga. Milungu itatu ndinaiyendetsa kuchokera pabwalo kukafika pa mlatho, mwina kakhumi pa tsiku. Ndinafika potuluka chobwerera osakhudza ngakhale mgolo umodzi. Thiraki yeniyeni ikamakwera chitunda cha kwathu ndinkatchera khutu, n'kunena ndekha kuti bambo uyu wachedwa kusintha giya. Tsiku lina mbuzi inadya theka la lichero la mtedza ndili pompo.

"Chinthu cha eni ake chimenecho chikupengetsa," anatero amayi.

Ndinkaganiza kuti akunena eni ake a gemu.

Sindinkadandaula ndi mlathowo. Ndinkafikapo, kuyang'ana madenga aja, n'kunena mumtima kuti dikirani, pa Idi ndikubwera.

Tsikulo ndinakwera minibasi mpaka ku Balaka, ina mpaka ku Liwonde, kenako njinga yamoto kulowa kwa Mposa. Tikuwoloka Shire ndinagwira thumba limene munali foni, n'kuseka ndekha. Ndinapeza anthu atabwera kale kumapemphero, ovala zoyera, ana akuthamanga ndi mpunga m'manja. Akazi a amalume anandilonjera m'Chiyao, ine n'kuyankha mopunduka monga mwa nthawi zonse, onse n'kuseka. Amalume anali pakhonde ndi mlendo wina wachikulire. Ndinagwada, kupereka moni, n'kukhala pamphasa.

"Wafika bwino? Bwera nayo tsono foni ya msuweni wakoyo," anatero amalume.

Ndinaganiza kuti lilime lawaterereka. Koma nthawi yomweyo msuweni wanga anatuluka ndi chikho cha thobwa cha mlendo uja. Anagwada, n'kumwako pang'ono iye mwini monga timachitira, kuti mlendo amwe mtima uli pansi, kenako anapukuta m'mphepete n'kupereka ndi manja awiri. Ndinayang'ana chikhocho chikuchoka m'manja mwake. Ndipamene mawu a amalume anandifika bwinobwino, patatha milungu itatu. Wolawa amalawa kuti agule. Wolawira amalawa kuti wina amwe.

"Wamulawira bwanji magemu aja?" anafunsa amalume.

Nsanje imene ndinamva sindinaimvepo, ngakhale pa nsapato. Sinali nsanje ya foni yokha. Ndinaona msuweni wanga, amene sadziwa kusiyana kwa giya ndi buleki, akuwoloka mlatho wanga, akukhotera kumanja kuseri kwa mitengo ija, n'kudzandiuza mokoma mtima zimene zili kumeneko.

"Ndichotsemo kaye zithunzi zanga," ndinatero.

Ndinapita kuseri kwa khitchini. Zithunzi ndinachotsadi. Kenako ndinaika chala pa thiraki yanga, foni inandifunsa ngati ndatsimikiza, ndipo ndinavomera. Nditabwerera pakhonde ndinaipereka kwa mwini wake ndi manja awiri, inenso ndili ndi mwambo.

"Asuweni, mwaisamala bwanji, ilibe ngakhale kokalika," anatero akuitembenuza.

"Nanga yokoma ndi iti?" amalume anafunsanso.

"Ya zipatso."

"Ya zipatso? Amayi ako pa foni amati ukungokhalira kuyendetsa galimoto."

"Iyayi amalume, imene ija njotopetsa. Umangoyenda osafika kulikonse. Ndaichotsamo kuti isadzaze malo."

Anagwedeza mutu. Munthu wa sukulu wanena, iwo akanatsutsa chiyani. Mpunga wa tsiku limenelo anthu anauyamikira kwambiri, ine sindikukumbuka kukoma kwake. Chimene ndikukumbuka n'chakuti mumtima ndinkamva kukoma kwina koipa, kwa munthu amene wathira dothi m'chitsime poti samwapo yekha.

M'mawa mwake amalume anapita nayo foniyo ku Liwonde kwa munthu wodziwa kalipiridwe kake. Anabwera masana, gemu ya zipatso itatsekulidwa yonse. Ine ndinali pansi pa mtengo wa mango ndikumanga kachikwama kanga. Msuweni wanga anabwera n'kukhala pafupi, n'kundiika foni pamwendo.

"Mukumangiranji katundu? Ndawapempha kale abambo kuti mukhale kuno milungu iwiri, azakhali avomera."

"Ndikhalire chiyani?"

"Gemu yanuyi. Ine za magemu sindizitha, asuweni, mukudziwa. Ine foniyi ndimangofuna zithunzi, ndi kuyankhula ndi abambo akabwerera ku Joni. Ndinawauza ndine kuti akagule imene yakukomerani inuyo, kuti mukabwera muzisewera mmene mungafunire. Akanandifunsa ine ndikanangoloza iliyonse."

Ndinamuyang'ana kuti mwina akundiseka, poti pa chisuweni timanyozana mpaka misozi. Sankaseka. Nkhope yake inali ya munthu amene wakonzera mnzake chinthu chabwino ndipo akudikira kuti aone akusangalala.

Ndikanatha kunena. Ndikanati ndinanama, ndinachita nsanje, tiyeni tikawapemphe amalume agulenso ina. Koma amalume si munthu wogula chinthu kawiri, ndipo ine si munthu wovomera kuti ndinachitira nsanje amene amandichapira nsapato. Ndinatsegula gemuyo.

Milungu iwiri ndinakhala pansi pa mango uja ndikundandalika malalanje. Gemuyo inalibe mlatho, inalibe potsekera, inkangopitirira, malalanje kutha kubwera nthochi, nthochi kutha kubwera mphesa. Msuweni wanga ankabwera ndi thobwa, kukhala pambali panga, kuyika chibwano paphewa langa n'kumaonerera zipatso zikuphulika.

"Ikukoma eti?" ankafunsa.

"Ikukoma," ndinkatero.

Tsiku lochoka ndinapita pakhonde kukalawira amalume. Anandidalitsa, n'kundipatsa kathumba ka mpunga koti ndikapatse amayi.

"Iwe uli ndi lilime labwino," anatero. "Milungu itatu yonse kulawa zinthu zisanu, n'kusankha chimodzi osanyengeka. Ndikadzabweretsa china ndidzakupatsanso kuti umulawire."

Ndinathokoza. Pa Liwonde minibasi inakwera mlatho wa Shire n'kuwoloka osaima, ine n'kuyang'ana pansi, pa nsapato za msuweni wanga zimene ndinavala.