Ziwala m'dimba la a Estele

A Tobiasi anagwira ntchito mumgodi ku Bindura zaka makumi atatu, koma kadimba ka kuseri kwa nyumba kanali ka akazi awo, a Estele. Mayiwo ankalawirira mame asanaume, mapiko a ziwala akadali olemera, n'kumazitola ndi manja kuponya m'botolo. Repu ankamuwaza phulusa. Anamwalira mu Juni.

Masiku ano a Tobiasi amatuluka dzuwa litakwera, ziwala zitayamba kale kuuluka. Amakhala panjerwa n'kumangoziyang'ana zikuboola masamba.

Mwana wawo Ruvimbo anabwera ndi mankhwala opopera kuchokera ku Harare.

"Baba, mushonga uwu. Poperani, repu akutha!"

Iwo sanatambasule n'komwe dzanja.

"Zisiye zidye," anatero a Tobiasi. "Masambawo aphika ndani?"