Mbewu ya Mkamwini wa ku Burundi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kudandaula kwa amayi anga, osati nzeru zanga. Mayeso a Fomu 4 anali atandikana, ndiye ndinkangokhala pakhomo kwathu kumtunda kwa Lobi, kudya ndi kukangana ndi azichimwene. Amayi ankaimba kwaya limodzi ndi a Nachisale, mayi wa m'mudzi woyandikana ndi wathu amene anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Burundi. Tsiku lina potuluka ku Misa amayi anawadandaulira kuti ali ndi mtsikana amene mphamvu zake zonse zinathera pakamwa. A Nachisale anaseka nati, "Abwere mawa. Bambo akunyumba akufuna wosankha mbatata, ndipo mbatata siyankha munthu."

Bambo akunyumbawo anali a Bizimana, ngakhale m'mudzi ankangowatchula kuti Aburundi, ngati kuti dziko lonselo linali munthu mmodzi. Anathawa nkhondo kwawo ali mnyamata, anakhalako kumsasa wa othawa kwawo ku Dowa, kenako anatulukamo kukasaka moyo monga ankachitira ambiri. Ukwati wawo ndi a Nachisale anadalitsa kutchalitchi, nakhala pachikamwini monga mwa mwambo wathu, kulima munda ndi dimba la mkazi wawo. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Tadala. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo mbatata ya kachewere ankaidziwa kuposa mmene ine ndinkadziwira nkhope yanga.

Ndinkaganiza kuti kusankha mbatata ndi kuponya zazikulu uku, zazing'ono uko. Tsiku loyamba lomwelo anakhuthula mulu wanga wonse pansi kuti ndiyambirenso. Mbatata ya mbewu iyenera kukula ngati dzira la nkhuku, yosatemeka ndi khasu, ya maso ambiri. Khungu lake umalitikita ndi chala chachikulu, likasupuka ndiye kuti inakumbidwa isanakhwime ndipo iola. Pa mulu uliwonse ankatolapo zingapo n'kuzidula pakati ndi mpeni woviika m'madzi a jiki, n'kufinya. Mukatuluka toyera ngati mafinya, ndiye kuti muli matenda ofota, ndipo mulu wonsewo sunkalowa m'shedi ngakhale uoneke bwanji.

Shediyo inali kuseri kwa nyumba, yomangidwa ndi zigwagwa za matabwa a paini ochokera kuphiri, zokhomedwa motalikirana kuti muzilowa kuwala ndi mphepo koma dzuwa lisawombe mbewu. Mkatimo munali mathandala a nsungwi osanjikizana. Mbewu tinkaiyala, osaunjika, ndipo ntchito yanga inali kuitembenuza, kuchotsa yodwala ndi kuthamangitsa makoswe. Ikakhala pakuwala choncho imasanduka yobiriwira, n'kutulutsa mphukira zazifupi, zonenepa, zofiirira, zosiyana ndi zoyera zoonda zija zimamera mbatata ikaiwalika m'thumba. Tsiku lina ndinaotcha imodzi pamoto wa zinyalala poganiza kuti sandiona. Inandiwawa n'kundikanda kukhosi mpaka misozi. A Bizimana anangoti, "Wamva? Mbewu imadziteteza yokha. Kukoma kumeneko usadzakuiwale."

Anandiphunzitsanso za mavenda obwera kudzagula. Ankati, "Sitazi, venda akamasankha usayang'ane thumba lake. Yang'ana mulu umene akukankhira pambali. Munthu umamudziwira pamenepo." Ine ndinkaseka chamumtima, ndimvekere nzeru za ku Burundi zimenezi.

Munthu amene sankaseka ndi a Bizimana anali a Gelevazio, mchimwene wa a Nachisale, mwini mbumba. Iwonso ankalima mbatata, koma yawo inkatuluka ngati mazira a njiwa. Sipuleya yopopera mbewu ankabwereka kwa alamu awo, mankhwala a matenda a chiwawu ankapempha kwa alamu awo, koma akakhuta kachasu ankaimirira pamphambano n'kumauza aliyense wodutsa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndinkadana nawo, ndipo ndinene pano kuti mpaka lero sindinasinthe.

Chaka chimenecho, mvula itangosiya, wailesi inayamba kulengeza kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere kumsasa. Tinamva tili m'shedi, kawailesi kali lende pamsomali. Ine ndinati, "Zimenezo si za inu. Kusukulu tinaphunzira kuti dziko lathu linasaina pangano la mayiko onse losamalira othawa nkhondo."

A Bizimana anapitiriza kutembenuza mbewu. Anati, "Linasainadi. Koma pangano lotere dziko limaloledwa kulowamo ngati venda pamulu wa mbatata. Limati ichi nditenga, ichi ndayamba ndaika pambali, ndipo limalemba poyera kuti anzake adziwe. Dziko lanu linatenga chachikulu, chakuti silidzandibweza kokaphedwa, ndipo pa chimenecho ndimathokoza. Koma zakuti ndikhale kumene ndifuna, ndigwire ntchito ngati mwini dziko, ndikhale ndi malo anga, linakankhira pambali. Zaka zonsezi ndakhala pamulu wapambaliwo, kungoti panalibe wobwera kudzautaya."

Ndinafunsa ngati ukwati wawo suwateteza. Anangondipatsa dengu kuti ndikataye zoola.

Apolisi anabwera Lachisanu m'mawa, nkhungu isanachoke m'mapiri. Mbewu inali itafika penipeni, dimba titagalauza, mizere titakonza, manyowa titathira, ndipo tinali titapangana kudzala Lolemba. Galimoto ya apolisi inalephera kukwera kamtunda kathu, choncho anabwera wapansi, apolisi awiri, ndipo kutsogolo kwawo kunali a Gelevazio ngati wolondolera alendo aukwati. Pambuyo pake ankauza anthu kuti anangokumana nawo panjira akufunsa. Mwina ndi zoona. Koma nsapato anali atapukuta.

Wapolisi wamkuluyo sanali wachipongwe, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri, chifukwa panalibe womutukwana. Anati, "Bambo, si ife, ndi lamulo. Tengani bulangete ndi zovala." A Bizimana anapempha kuti awalole kudzala kaye, poti mbewu ikamera sidikira. Wapolisiyo anati ngakhale iwo sadikira. A Nachisale anatuluka m'nyumba manja ali ndi thovu la sopo, nagwada, nati, "Ndi amuna anga awa, tinadalitsa kutchalitchi, mwana uyo apo." Wapolisiyo anawayankha kuti, "Mayi, inu ndinu Mmalawi, palibe akukugwirani."

Potuluka pabwalo a Bizimana anandiitana. "Sitazi, mbewu ija mudzale Lolemba, mphukira kuyang'ana kumwamba. Ikangolowa pansi, a Nachisale ndi Tadala sadzapempha mchere kwa munthu." Ndinavomera. Ndinkadziwa kuti pakhomo paja panalibenso china: mbatata ya malonda inali itapita kale, chimanga chinali chochepa, chuma chonse chinali pamathandala.

Dzuwa lisanapendeke a Gelevazio anabweranso, ulendo uno ndi ngolo ndi amayi anayi aganyu. Ndinaima pakhomo la shedi. Anandifunsa kuti, "Iwe mwana wa kwa eni, shedi imeneyi ili panthaka ya ndani?" Ndinati mbewu ndi ya a Bizimana ndi akazi awo. Anaseka. "Mkamwini amabwera ndi chikwama cha zovala, amapitanso ndi chomwecho. Zomera panthaka ya mbumba n'za mbumba, ndipo mwini mbumba ndine. Ndikuchotsa katunduyu asanabedwe." A Nachisale anawagwira mwendo akulira kuti achimwene, chisoni, nanga mwanayu adya chiyani. Anthu anadzaza kumpanda. Ena mwa iwo a Bizimana anawapatsapo mbewu yaulere chaka chimene chiwawu chinapsereza minda. Palibe anatsegula pakamwa, poti nkhani ya mbumba ya eni salowerera.

Ine ndinatsegula. Mphamvu zanga zija za pakamwa ndinazitulutsa zonse, ndinawatchula mbava, mfiti, mlimi wa mazira a njiwa. Anandigwira pakhosi pa bulauzi n'kundiponyera m'matope a kuseri kwa bafa, anthu n'kuseka.

Mbewu yomera sigulika ngati yakudya, choncho amayi aganyu aja anakhala pansi n'kuyamba kuthothola mphukira ndi zala. Miyezi yathunthu ndinkazilera mphukira zimenezo, kuzitembenuzira kukuwala imodziimodzi, ndipo zinkathyoka ndi kaphokoso kakang'ono ngati munthu akuphwanya nsabwe. Zinadzaza lichero. Mbatatayo anaithira m'matumba, naipaka dothi lofiira pamwamba kuti kubiriwira kusaoneke, ngolo n'kutsetsereka kumsika kwa anyamata achiwaya okazinga tchipisi.

A Bizimana ndi ena ogwidwa tsikulo anagona kupolisi ya pamsika podikira lole yoti iwatengere ku Dowa. M'mawa mwake tinapita kukatsanzikana nawo, ine ndi a Nachisale, Tadala tamusiya kwa amayi anga. Panjira a Nachisale anandigwira mkono nati, "Usawauze. Apite mtima uli m'malo. Kumeneko akasowa chilichonse, asakasowenso tulo." Ndinalonjeza.

Tinawapeza atakhala pansi kuseri kwa waya pamodzi ndi ena, ogulitsa m'magolosale, telala wina wa ku Congo, amayi ndi ana awo. Funso loyamba la a Bizimana silinali la chakudya kapena la kuzizira. Anati, "Mbewu ili bwanji?" A Nachisale anayankha osaphethira kuti ili bwino, Sitazi waitembenuza m'mawa uno. Nkhope ya a Bizimana inamasuka. Anayamba kutikumbutsa za kutalikirana kwa mapando, za kukwezera mizere mbewu ikafika m'bondo, zoti tisadikire chiwawu chioneke kuti tipopere. Ine ndinkangogwedeza mutu.

Tili pomwepo anatulukira a Gelevazio, atavala jekete la Lamulungu, kajumbo ka buluu m'manja. Kwathu munthu akakhala pamavuto achibale amakamuzonda ndi kachakudya, ndipo a Gelevazio sakanalola kuti anthu apamsika adzanene kuti mwini mbumba sanaonekere. Chakudyacho sanagule n'komwe, chinali basela wochokera kwa wachiwaya amene anamugulitsa matumba aja. Anakweza mawu kuti onse amve: "Alamu, pepani ndi zimenezi. Idyaniko katchipisi aka, ulendo ngwautali."

A Nachisale anandiponda phazi. Ndikanalanda jumboyo ndikanaulula zonse, ndiye ndinangoima ngati chitsa. A Bizimana anali asanadye chiyambire dzulo lake, komanso chakudya cha mlamu sakana pagulu. Analandira ndi manja awiri kudzera pansi pa waya, nathokoza, natola kamodzi.

Anatafuna kawiri n'kuima. Ndinaona pakhosi pawo pakuyenda movutikira. Anatola kena, nakatembenuza pakuwala monga ankachitira m'shedi, ndipo m'mphepete mwake munali kamzere kobiriwira kamene mafuta sanabise. Anayang'ana a Nachisale, a Nachisale n'kuyang'ana pansi. Anayang'ana ine. A Gelevazio sanawayang'ane ngakhale pang'ono.

Ndinkadikira kuti akalipe, kapena alire, kuti nanenso ndipeze polirira. Koma anati chapansipansi, "Sitazi, upite kwa wachiwayayo ukamuuze azisenda mozama. Ana asukulu amagula pamenepo, adwala m'mimba."

Kenako anadya tchipisi chonsecho, kamodzikamodzi, osafulumira, chikuwakanda kukhosi, mpaka anapinda kajumboko n'kukaika m'thumba la malaya. A Gelevazio anafunsa ngati chakoma. Anayankha kuti, "Inali mbewu yabwino, alamu." Lole inabwera masana, ndipo pokwera sanatembenuke.

Kwa wachiwaya ndinapitadi. Anandiuza kuti ndikaphunzitse amayi anga kusenda.

Lolemba lija m'dimba simunalowe kanthu. Patapita milungu ingapo a Gelevazio anadzalamo mbewu yawo, namanena kuti akuthandiza mlongo wawo, ndipo a Nachisale amapalira momwemo kuti apatsidweko chakudya cha Tadala. Mchere amapempha. A Bizimana ali moyo kumsasa, palibe anawabweza kokaphedwa, pangano lija linasungidwa ndithu monga linalembedwera.

Ine lero ndimagula ndi kugulitsa mbatata m'mbali mwa msewu waukulu ku Dedza, ndipo mbewu yanga anthu amailimbirana, chifukwa ndimadula ndi kufinya monga anandiphunzitsira. Ndikamva pawailesi kuti dziko lasaina pangano lakutilakuti, anzanga amaomba m'manja, ine ndimafunsa kuti nanga lakankhira chiyani pambali, poti ndinaona kuti pamulu umenewo pamakhala munthu ndi mkazi wake ndi mwana. Amati Sitazi ndi wovuta. Masana anzangawo akamaitanitsa tchipisi pachiwaya cha pafupi, ine ndimakakhala kuseri kwa matumba, kumene fungo lake silifika.