Kalata Imene Anawakaniza Amayi Anga

Mzere umodzi wokha! Ndi umene ndinkapempha kwa dokotala uja, ndipo anakana. Zaka zapita, koma mtima wanga ukuwawabe.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Amayi anga, Abiti Saidi, ndiwo ankatsogolera nyimbo amayi a kwathu ku Katuli akamavina pamisonkhano ya chipani. Atasiya kusamba, khosi linayamba kutupa. Chithokomiro. Manja kunjenjemera, thukuta ngakhale mu Juni, mtima kugunda ngati akuwathamangitsa. Kudya ankadya, koma kumangowonda.

Kenako uthenga: Loweruka lole ikubwera, amayi onse kukavina ku boma ku Mangochi. Atcheya a amayi sanandibisire. Akuti popanda kalata ya kuchipatala Abiti akwera loleyo basi, iwo sakufuna kukayankha mlandu.

Lachinayi 6 koloko m'mawa ndinawakweza panjinga, ine ndikukankha, mpaka kuchipatala china, dzina sinditchula. Tinafika 9 koloko. Kutiitana, 2 koloko! Munthu akupumira m'mwamba pabenchi maola asanu.

Dokotala sanawakhudze n'komwe. Anangofunsa ngati anasiya kusamba. Nditavomera, akuti basitu, ndi ukalamba umenewo, amayi onse amatentha thupi akafika pamenepo.

Ndinati, "Nanga khosili, adokotala? Ukalamba umatupitsa khosi?"

Akuti za khosi tibwere mwezi wamawa. Mwezi wamawa, lole ili mkuja! Ndinagwada pasimenti, ine mayi wa ana atatu, misozi ili chuchuchu.

"Chonde bambo, ingolembani kuti sangathe kuvina."

Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Achemwali, mukufuna ndilembe ndi dzanja langali kuti munthu asakavinire chipani? Ndili ndi ana ine."

Anatipatsa asipirini sikisi. Asipirini, abale!

Loweruka amayi anakwera lole. Dzuwa la ku Mangochi mukulidziwa. Anzawo anandiuza kuti panyimbo yachitatu mawu anaduka, anagwira pachifuwa, n'kugwa. Amayi ovina anawazungulira kuti akuluakulu asaone, wina n'kupitiriza nyimbo. Anabwera nawo palole yomweyo, atawafunditsa chitenje mpaka kumutu.

Amayi anzanga, khosi likatupa musalole kuuzidwa kuti ndi ukalamba. Kakamirani mpaka akuyezeni.

Ndipo inu adokotala, ngati mukadali moyo, ndiyankheni. Munali ndi ana, ndamva. Nanga ine sindinali mwana wa munthu?