Chipewa Chimene Chinandilanda Unkhoswe

Ine ngakhale nkhuku sindipha. Kukabwera alendo, mpeni amagwira ndi akazi anga, ine ndimapeza chochita kuseri kwa nyumba mpaka nthenga zitatha. Koma kwa zaka zingapo, mukanafunsa ku Kapata kapena pasiteshoni ya maminibasi kuti chidakwa chomenya mkazi mu Chipata muno ndani, anthu akanakulozerani sitolo ya zitsulo imene ndimagwirako ntchito.

Zinayamba ndi timabuku ta zithunzi timene bungwe lina linkagawa m'masukulu ndi m'zipatala. Mwini nkhani m'timabukumo anali mwamuna wopalasa njinga yonyamula anthu, wa mikono ikuluikulu ndi chipewa chofiira. Dzina lake sindililemba pano, ndinaitanidwa nalo mokwanira. Munthuyo anali ngwazi. Ankathamangitsa mbala pamsika, ankawolotsa ana pamtsinje wodzaza, ankanyamula amayi apakati kupita nawo kuchipatala mvula ili pamsana. Akatero ankadutsira kokamwa kachasu, n'kukafika kunyumba kukamenya mkazi wake. Ana ankamukonda, akuluakulu ankakangana za iye, ndipo olemba timabukuto ankafuna zomwezo.

Kenaka bungwelo linapempha gulu lathu la zisudzo la kutchalitchi kuti tizisewera nkhanizo m'misika. Mtsogoleri wathu anali mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito, wolankhula pang'ono koma wosabwezeka. Posankha wosewera mwamuna wa chipewa uja, anadumpha anyamata onse amphamvu n'kuloza ine, bambo wa kamimba amene ndinazolowera kusewera wansembe kapena mtembo.

"Nkhope yanu ndi ya munthu wosalakwa," anatero. "Ndikufuna anthu akukondeni kaye, kuti zinazo zikawapweteke."

Mayiyo anali ndi kachitidwe kake. Sewero likatha, ine sindinkachoka. Ankaika mpando pakati pa bwalo, ine n'kukhalapo chipewa chili kumutu, anthu n'kumandifunsa mafunso. Lamulo linali lakuti ndiyankhe monga mwini chipewayo, osapepesa, osalalikira. Ankati munthu ukayamba kulalikira, anthu amakumbukira kuti sanagule tomato. Ndikayankha mwamwano, iye ankatola mayankho angawo limodzilimodzi n'kuwatembenuzira kwa anthu kuti awaweruze okha. Zikatha ndinkavula chipewa pamaso pa onse, n'kunena dzina langa lenileni.

Sindinama, ndinkasangalala nazo. Munthu amene wakhala zaka akuyeza misomali pasikelo, wopanda womupatsa moni, mwadzidzidzi makondakitala akumukuwira pamsewu, sangalephere kukula mtima. Panalinso zowawa zake. Mayi wina ku Kapata anakana kundigulitsa masamba a repu, akuti ndalama za munthu wotere sazigwira. Amayi a kutchalitchi ankawayang'anitsitsa akazi anga kumaso Lamulungu lililonse, ena mpaka kuwanong'oneza kuti akuwapempherera. Akazi anga ankangoseka. Ankati, "Awa? Akanayamba ndi nkhuku." Ineyo yankho langa linali limodzi kwa aliyense: uja ndi wa m'buku, ine ndine wina. Ndinkalinena monyada, ngati munthu amene wapeza mzere woonekeratu pakati pa munda wake ndi wa mnzake.

Mlongo wanga anamwalira kalekale, n'kusiya mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo anakulira m'manja mwathu, ndipo pamene anakwatiwa ndi mnyamata wina wogula mtedza wa cha ku Mtenguleni, ine monga malume wake ndinaima unkhoswe. Nkhoswe si munthu wodyera nyama ya paukwati chabe. M'nyumba mukavuta, mkazi amathamangira kwa nkhoswe wake, nkhosweyo amaitana mnzake wa kuchimuna, n'kukhala pansi kukonza zinthu zisanawole. Ndinkaunyadira udindowo kuposa chilichonse chimene ndinali nacho, chifukwa unali ntchito yomaliza imene ndikanamugwirira mlongo wanga.

Chaka china, mvula ili pafupi, tinapita kukasewera ku Mtenguleni komweko tsiku la msika. Kunali kotentha, fumbi likulowa m'kamwa. Anthu anadzaza. Ndinamuona mphwanga, mwana wa mlongo wanga uja, ataima chakumbuyo, khanda lili kumsana, mwamuna wake ali kutsogolo ndi anzake. Ndinafuna kuti aone kuti malume wawo si munthu wamba, choncho tsiku limenelo ndinasewera ndi mtima wonse.

Nditakhala pampando paja, mayi wina wachikulire anatukula dzanja.

"Imwe abambo, simuchita manyazi akazi anu akamayenda ndi nkhope yotupa?"

Funso limenelo linali lachilendo, ndipo yankho silinachedwe. Ndinapendeketsa chipewa, n'kutambasula miyendo.

"Nkhope yotupa? Amayi, amenewo ni anthu osadziwa nchito. Ine nkhope sindikhudza. Nimenya kumsana, kumene kubisika na bulauzi, kuti pa Sande apite kutchalitchi ali wokongola. Manje si chikondi chimeneco?"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Amuna ankawombana m'manja, anyamata atakweza mafoni m'mwamba. Amayi ena anaseka atagwira pakamwa, ena anangoti kukamwa pululu. Ine mtima unali m'mwamba. Ndinadziwa kuti mtsogoleri wathu atola mawuwo n'kuwasasantha, monga ankachitira nthawi zonse. Koma asanatsegule pakamwa, lole ya feteleza imene anthu anakhala akuidikira inatulukira pamsewu. Bwalo linaphwa ngati madzi a m'mbale yobooka. Ndinavula chipewa n'kunena dzina langa kwa agalu awiri ndi anzanga a m'gulu.

Mkamwini wanga yekha ndiye anabwerera. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, maso akuwala.

"Apongozi, lero mwakamba monga mwamuna."

Ndinaseka. Ndinamusisita paphewa, n'kumufunsa za mtengo wa mtedza. Ndakhala ndikubwerera pa mphindi imeneyo kambirimbiri, kufunafuna chifukwa chimene sindinamukhazike pansi pomwepo, ndipo chimene ndimapeza n'chochititsa manyazi: ndinakondwa kuti wandiyamikira. Mphwanga ndinamuyang'ana, koma anali atachoka.

Kanema wa yankho lija anayenda m'mafoni mpaka ku Katete ndi ku Lundazi. Munalibe sewero, munalibe funso la mayi uja, munalibe kuvula chipewa. Munali ine ndekha, nditatambasula miyendo, ndi anthu akuseka.

Chaka chinatha, china n'kuyamba. Mphwanga anachepetsa kubwera kwathu. Ndikamuimbira foni ankati, "Tili bwino, amalume," ine n'kukhutira. Ndinkadzitama kwa anzanga kuti banja limene ndinaimira ine silinabweretsepo mlandu ngakhale umodzi. Ndimadana nako kupusa kwanga kwa nthawi imeneyo kuposa mmene ndimadanira ndi yankho lija.

Anazindikira ndi akazi anga. Anakumana ndi mphwangayo mtauni akuchokera kusikelo ya ana, atanyamula mwana wachiwiri m'manja, chitenje chili paphewa, dzuwa likuswa mtengo. Anamuuza kuti abereke mwanayo, iye anati wazolowera choncho. Anamulanda mwana kuti amuike kumsana, iye anabwerera m'mbuyo. Mayi wa ana awiri wokana kubereka mwana paulendo wautali chotero, akazi anga sanafune kuuzidwa zambiri. Anamukokera kuseri kwa sitolo ina n'kumukweza bulauzi.

Madzulo ake ndinawapeza atakhala pakhonde, moto wosakoleza. Sanandilonjere.

"Ndamuona mwana wa mlongo wanu," anatero. "Musadandaule, nkhope yake ili bwinobwino. Kutchalitchi angathe kupita."

Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti. Anandiuza zonse, mikwingwirima yatsopano pamwamba pa yakale, kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno. Ndinafunsa funso lopusa, lakuti bwanji sanabwere kwa ine. Akazi anga anangonyamuka n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinatumiza uthenga kwa nkhoswe wa kuchimuna. Loweruka tinapita, ine, akazi anga ndi mng'ono wanga amene amalima ku Tamanda. Tinakhala pabwalo la makolo a mnyamatayo, amuna pamipando, amayi pamphasa, mphwanga atakhala chammbali mutu uli pansi. Ndinali nditakonzekera mawu sabata yonse. Ndinalankhula za mlongo wanga, za mmene tinamulerera mwanayo, ndi kuti sitinamupereke kuti akhale ng'oma. Ndinkamva ndekha kuti ndikulankhula bwino.

Atapatsidwa mpata, mkamwini sanakane kanthu. Anati m'nyumba simulephera kukhala chilango, ndipo iye sanamuchititsepo mkazi wake manyazi pagulu. Kenaka anapisa m'thumba.

"Ngakhale apongozi aba adziwa. Anakamba okha."

Anaika foni pampando. Mawu anga anamveka pabwalo lonse, onenepa, okhuta, kenaka phwete la anthu a ku Mtenguleni. Mnyamata wina mwa abale ake analephera kudzigwira, anaseka n'kunamizira kutsokomola.

Ndinaimirira. Ndinakuwa kuti uja si ine, uja ndi munthu wa m'kabuku ka ana, ndipo aliyense wa nzeru amadziwa kusiyanitsa sewero ndi moyo. Ndinawauza kuti afunse akazi anga ngati ndinawakwezerapo dzanja. Nkhoswe wa kuchimuna, mkulu wofatsa amene sindingamunenere choipa, anadikira kuti ndimalize.

"Tamva, bambo. Ifenso tidziwa kuti ni sewero. Koma mlandu uno ni wa msana wa mwana uyu, si wa mbiri yanu."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti kwa mphindi zingapo ndakhala ndikudziteteza ndekha. Mphwanga anagwada. Sanandiyang'ane.

"Nipemphako kuti amalume ang'ono ndiwo anikambire."

Palibe anatsutsa. Mng'ono wanga anasendeza mpando wake kutsogolo, ine ndinanyamuka n'kukakhala kumsewu, pamwala, pafupi ndi pamene tinaimika njinga. Mlandu wa mwana wa mlongo wanga unakambidwa ine ndikuwerenga ng'ombe zodutsa. Banjalo linatha tsiku lomwelo. Mphwanga anatenga ana ake n'kupita kukakhala ku Tamanda kwa mng'ono wanga, ngakhale kuti kwathu kunali chipinda chimene anakuliramo.

Chipewa ndinakabweza. Mtsogoleri wathu anamvetsera nkhani yonse, n'kunena kuti wolakwa ndi amene anamenya, osati amene anasewera, ndiponso kuti mwamuna wofuna kumenya sadikira chilolezo cha zisudzo. Ndikudziwa kuti ankanena zoona. Mwina mnyamatayo anayamba kale ndisanakhale pampando paja. Mfundo imeneyo ndayesa kuifunda, koma ndi yaifupi, mapazi amakhala panja.

Panapita miyezi ndisanalimbe mtima kupita ku Tamanda. Ndinamupeza mphwanga akusenda mtedza pakhonde, mwana wamng'ono ali kumsana. Anandilandira mwaulemu wonse, anagwada, anandipatsa madzi. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinakhala pambali pake n'kuyamba kusenda nawo, ndipo tinatha kanthawi tikukamba za mvula.

"Mwana wanga," ndinatero pomaliza, "ukudziwa kuti ine sindili ngati munthu wa chipewa uja."

"Nidziwa, amalume. Sininaganizepo kuti ndimwe iye."

"Nanga unalekeranji kubwera kwa ine?"

Anatola mtedza wina, anauswa, anataya makoko.

"Ninabwera kawiri. Ninafika mpaka pa geti. Koma nikaganiza zokuvulirani msana, ninali kumva anthu aja akuseka, na imwe mutakhala pakati."

Iye anapitiriza, mawu ali pansipansi.

"Timabuku tuja ninawerenga tonse, amalume. Za kumsana mulibemo. Munazitenga kuti?"

Funso limenelo palibe anali atandifunsapo, ngakhale ine mwini. Koma yankho linali pafupi, ngati kuti linakhala likudikira. Ndinaona nyumba yathu yakale ku Kapata, ine ndi mlongo wanga tili ana, amayi akuvala bulauzi ya chigwirizano cha amayi pang'onopang'ono Lamulungu m'mawa, abambo akupukuta nsapato pakhomo akuimba nyimbo ya kwaya.

"Kwa agogo ako aamuna," ndinatero. "Ankatero kwa agogo ako aakazi."

Anagwedeza mutu, osadabwa.

"Amama ananiuzako, atadwala. Ananiuza kuti nikazakwatiwa, zikazachitika, nikazathamangire kwa imwe, chifukwa imwe munaziona na maso." Anakonza chitenje, n'kumukweza mwana pang'ono. "Koma iwo pokamba anali kulira."