Kochi wa ku Brazil amene ankandithera khadi ya foni

Bambo a Madalitso atatisiya, ndinasala kudya ndi kupemphera ndisanavomere zopita ku London. Mnzanga wa ku mvano anali atandipezera ntchito yosamalira okalamba ku Romford. Mwanayo ndinawasiyira achemwali anga ku Balaka ali Sitandade 4, ndipo Mulungu awadalitse, anamulera ngati wawo.

Lamlungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkagula khadi n'kuimba kumudzi. Mwana ankayankha mawu amodziamodzi, koma ndinkathokoza. Ndiye patapita zaka zingapo, timu ina ya mpira ya ku London inalemba kochi wa ku Brazil, bambo amene akuti anatenga zikho zikuluzikulu kwawoko. Mwana wanga pakamwa panatseguka, koma osati za ine.

"Mada, sukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda. Amayi, mwamuona kochi?"

"Ndimuonere kuti? Ine ndimakhalira kusambitsa agogo a eni ake."

"Koma si mumakhala London yomweyo?"

Khadi inkathera pa wosewera amene kochiyo wamuika kutsogolo ndi amene wamusiya pa benchi. Ine ndikumva kuzizira m'kachipinda kanga, ndikufuna andiuze ngati nsapato zikumukwana.

Timu itayamba kugonja, Mada anandipempha kuti ndimupempherere bamboyo. Ndinakaitula nkhaniyo Lachinayi kwa amayi anzanga ku Croydon. Mayi Phiri, otsogolera mapemphero, anavula magalasi.

"Ameneyu ndi m'bale wanu, Mayi a Mada?"

"Ayi, ndi wa mwana wanga."

Tinagwada azimayi akuluakulu, mawondo akuwawa, kupempherera mwamuna wolemera amene sadziwa n'komwe kuti tilipo. Eni timu anamuchotsabe ntchito chaka chisanathe, ngati waganyu.

Kuyambira pamenepo Mada anasiya kubwera pa foni. Mawa ali kumunda, mkuja ali kwa anzake. Ndinapsa mtima, kenako ndinachita mantha. Ndinatsanzika kuntchito, n'kubwerera kumudzi.

Ndinapeza mnyamata wamtali kundiposa, mawu atasintha. Anandilonjera atagwada patali ngati ndine mlendo wa kumpingo. Tsiku lotsatira tikutong'ola chimanga pakhonde, ndinamufunsa mosabisa kukwiya.

"Iwe, mayi ako ndine kapena m'Brazil uja? Achotsedwe ntchito iye, ulange ine?"

Anayankha akuyang'ana m'lichero.

"Ndikanakufunsani chiyani, Amayi? Za London ndinkadziwa mpira wokha, wa pa kanema kumsika. Atachoka, ndinasowa chonena."

Ndinatong'ola chitsononkho chomwe chinalibe kale njere. Zaka zonsezo ndinkatumiza majuzi ndi nsapato, koma sindinamuuzepo kuti ndimagona pati, ndimakwera basi yanji, ndimalira liti.

Ndinayamba pomwepo. Ndinamuuza za gogo wina amene ankabisa mano ake oikirira m'thumba la yunifolomu yanga. Mada anaseka mpaka kukhosomola, kenako anasendeza mpando wake pafupi nane.

"Ndiye munkawapeza bwanji, Amayi?"